Umboni wa Kandulo

Kandulo anakhala mpando wa pawindo, chikwama pamiyendo, dzanja limodzi pachifuwa. Basi inali isanadzaze. Kondakitala ankakuwa panja kuti kwatsala malo awiri, pamene mipando yopanda anthu inali khumi ndi umodzi. Kandulo anaiwerenga kawiri. Sankafuna kuganiza za envulopu.

Inali m'thumba la m'kati la jekete. Ya khaki, yomangidwa ndi ulusi wakuda. Anaipatsidwa dzulo lake potuluka m'tchalitchi. Anamupatsa ndi Atelala, mayi wamasiye wosoka mayunifolomu a ana a sukulu. Zinali ndalama za penshoni ya malemu amuna awo. Zonse. Anamugwira dzanja, n'kumupanikizira envulopuyo m'chikhato, nati akaziike kumene amaika zake, pakuti Mulungu waonetsa kale kuti ali naye. Kandulo anatsegula pakamwa kuti akane. Nthawi yomweyo Abusa anadutsa, namusisita paphewa. Kandulo anaika envulopuyo m'thumba.

Ntchito yake yeniyeni inali yogulitsa ndi kumanga mapampu a madzi. Tauni iyi Lolemba, ina Lachiwiri. Ankadziwa maloji amene soketi zake zimagwira ntchito, ndi madepoti amene netiweki imapezeka ukaima pafupi ndi chimbudzi. Za msika wa ndalama anazitola m'maulendo momwemo. Umagula golide amene sudzamuona, pa foni kapena pa laputopu. Mtengo ukakwera wadya, ukatsika wadyedwa. Pa sikirini pamayenda timizere tonenepa, tobiriwira ndi tofiira, timene a malondawa amati makandulo. Ankatitchula pakudya, pa ukwati, ngakhale pamaliro, mpaka alamu ake anamupatsa dzina, ndipo linamumata.

Anali ndi maakaunti awiri. Ina ya demo, ya ndalama zabodza, yophunzirira. Ina yeniyeni, mmene munali ndalama zimene iye ndi mkazi wake ankasunga kuti adzagule malo omangapo nyumba. Pa yeniyeni ankayenda ngati munthu wopanda nsapato pa mabotolo osweka. Kugula pang'ono. Kuika sitopu, malire oti mtengo ukamutembenukira malonda adzitsekere okha asanataye zambiri. Kupemphera. Zaka ziwiri, sanalemere ndipo sanasauke. Pa demo ndiye ankaseweretsa.

Masabata atatu apitawo, masana, ali mu loji kudikira kasitomala wochedwa, anatsegula laputopu kuti nthawi ipite. Maakaunti awiriwo amaoneka chimodzimodzi. Chowasiyanitsa ndi kachizindikiro kakang'ono pakona. Sanakayang'ane. Anagula golide wochuluka kakhumi kuposa mmene amagulira. Sitopu sanaike. Za demo ukazitaya umangopempha zina. Kasitomala anaimba foni. Kandulo anatseka laputopu, napita kukamanga pampu kuseri kwa chigayo. Anadya. Anaseka ndi amakanika. Anametetsa ndevu. Atabwerako dzuwa litapendeka, anatsegula, naona nambala yaikulu yobiriwira, n'kumwetulira. Kenako anaona pakona paja. Inali akaunti yeniyeni.

Anatseka malondawo, analowa m'bafa, nasanza zonse anadya zija. Pambuyo pake anayang'ana mmene mtengo unayendera. Nthawi imene iye anali pampando wa ometa, unatsika mpaka kutsala pang'ono kuti akaunti yonse ipse. Kenako unatembenuka. Ndalama za malo zinachuluka kanayi.

Lachitatu lililonse masana, a mpingo wawo ogwira ntchito m'tauni ankakumana ola limodzi m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya utoto. Lachitatu lotsatira, Kandulo anaimirira kuti athokoze. Anali atakonzeka kunena zonse. Koma atangotchula kuti kanayi, anthu anaomba m'manja, ndipo Abusa anamufunsa mmene mtima wake unalili pamene mtengo unkatsika. Anayankha kuti unali phee. Anati anadya bwinobwino, mpaka kukametetsa ndevu. Bodza sananene ngakhale limodzi. Abusa anatembenukira kwa anthu, nati chikhulupiriro chimaoneka choncho: ena akutuluka thukuta, mwana wa Mulungu ali kwa ometa. Anthu anaseka, naimba. Kandulo anakhala pansi. Zinamukomera.

Tsopano basi inali itanyamuka, ndipo envulopu inkamugogoda m'nthiti pa dzenje lililonse la mumsewu.

Anayesa kudzitsimikizira. Kodi anatembenuza mtengo ndani? Si iye. Akanakhala pa laputopu akanatseka malonda aja pa kandulo wofiira woyamba. Mwina Mulungu anamuphimba maso dala. Mwina anafuna kumuphunzitsa kuti mantha ndiwo ankamusaukitsa. Ndipo ngati anachita kamodzi kwa munthu wa mapampu, angalephere bwanji kwa mayi wamasiye? Maganizowo ankamveka bwino mpaka basi inaima pa mlatho. Itanyamukanso anayamba kumveka ngati a munthu wina.

Atafika, anapereka katundu m'sitolo ya zitsulo, napempha mwini wake kuti akhale pang'ono pa thumba la simenti kuseri kwa kauntala. Anatulutsa foni. Anatsegula akaunti yeniyeni. Anayang'ana pakona katatu. Anaganiza zoyesa ndi ndalama zake, zochepa kwambiri zimene msika umalola. Anatsinzina. Anapempha chinthu chimodzi chokha: ngati iyi ndi mphatso, mtendere uja ubwere.

Anagula. Anaika sitopu.

Kandulo woyamba anatuluka wofiira. Wachiwiri wofiiranso. Mtengo unayandikira sitopu, ndipo chala chinapita chokha kukaitsitsa pang'ono. Anadziwa kuti n'kulakwa. Anaitsitsanso. Malaya anamata pamsana. Mwini sitolo anasuzumira, nafunsa ngati ndi malungo, nati mankhwala ali m'dirowa. Kandulo anapukusa mutu osachotsa maso pa foni. Kandulo wachisanu atayamba kutalika, anatseka. Anataya ndalama zokwana tikiti ya basi. Anayang'ana wotchi. Mphindi khumi ndi zinayi.

Anakhala pa simenti paja, manja ali lende. Tikiti ya basi inamutulutsa thukuta lotere. M'jekete munali zaka makumi atatu za amuna a Atelala, munthu amene ankadzuka m'mamawa kupita ku ntchito mpaka tsiku limene anagwa pa geti.

Anatuluka panja, naimbira mkazi wake. Mkaziyo ankagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, ndipo anayankha monong'ona, kuti abwana ali pafupi, anene msanga. Kandulo ananena msanga. Za envulopu. Za loji. Za pakona paja. Zimenezi anali asanamuuzepo. Kunyumba anangofika ndi nkhani ya kanayi ndi nsalu yatsopano.

Anamva chitseko chikutsekedwa kumbali inayo.

"Ndiye mukuti ndalama za malo zinatsala zokha mu loji, inu muli kokonza ndevu?"

"Sindinadziwe, Madamu."

"Ndevu zake ziti? Zitatu zomwezo?"

Kandulo anayesa kuseka. Sizinatheke. Anayamba kufotokoza maganizo a mu basi aja, kuti mwina Mulungu anachita dala, kuti mwina pali chimene akumuitanira. Mkazi wake anamulola kufika kumapeto.

"Bambo, Mulungu anakuvuulani m'madzi. Sanakulembeni ntchito yophunzitsa anthu kusambira."

Anawonjezera kuti zawo akambirana kunyumba, ndipo akonzekere, chifukwa si nkhani ya tsiku limodzi. Anati kuyambira lero nambala yachinsinsi ya akaunti ija aidziwe onse awiri. Koma choyamba envulopu ya eni ake ibwerere isanagone katatu m'jekete la munthu wosayang'ana pakona. Anadula foni osatsanzika.

Lachiwiri m'mawa Kandulo anatsika basi n'kulunjika kumsika, chikwama chikadali paphewa. Atelala ankasokera m'kachipinda kopapatiza, pakati pa wokonza mawotchi ndi wogulitsa mabatani. Pakhoma panapachikidwa madiresi a buluu, ang'onoang'ono, opanda manja. Pansi panali tizidutswa ta nsalu ndi choko. Makina anali opalasa ndi mapazi. Ankalira ngati njinga yakale pa chitunda.

Atelala anamuona, naimitsa phazi, n'kufunsa moseka ngati zabereka kale. Anamukokera kampando, natcha Kandulo mwana wawo, monga ankachitira kuyambira ali m'kwaya ya achinyamata. Kandulo sanakhale. Anatulutsa envulopu, naiika pa makina, pambali pa lumo. Ulusi wakuda unali momwe anaumangira.

Anafotokoza ataimirira. Anayamba ndi mawu ambiri a msika, kenako anawasiya. Anati tsiku lija ankaganiza kuti akuseweretsa ndalama zabodza. Anati mtendere umene anautchula unali wa munthu wosadziwa kuti nyumba yake ikupsa. Anati dzulo anayesa ndi ndalama ya tikiti, nalephera kupirira kotala la ola.

Atelala anayambanso kupalasa. Anamaliza msoko wonse wa siketi, nadula ulusi ndi mano, naitembenuza, naiyang'ana kuwala.

"Ndimafuna makina a magetsi," anatero. "Ndi kulemba mtsikana mmodzi. Mawondo angawa atha, mwana wanga. Usiku amalira kuposa makinawa."

Kandulo anayang'ana pansi. Mapazi a Atelala anali otupa, zidendene zong'ambika, atapondetsa pa chitsulo chimene chinasalala chifukwa cha kupondedwa. Anati ndalama zili m'envulopumo zikhoza kugula makina a magetsi lero lomwe. Atelala anati akudziwa. Koma akagula, nanga akadzadwala adzadya makina? Ankafuna zonse ziwiri. Anaseka pang'ono, nati nkhalamba nayonso imalota.

Anatenga envulopu, naiponya m'dirowa, nakhoma. Kenako anauza Kandulo chimene sankachidziwa. Envulopu yawo sinali yokha. Mayi wa Zozizira, amene amagulitsa zakumwa pa geti la chipatala, wapeza kale wogula firiji yake. Wogulayo abwera ndi galimoto mawa madzulo. Ndalama yake akufuna kumupatsa Kandulo Lamulungu likubwerali. Firijiyo ndi imene imadyetsa ana ake anayi.

Kandulo anati apita pompano akamuuze mayiyo pambali, mwakachetechete. Atelala anafunsa ngati apitanso kwa aphunzitsi aja amakhala kutsogolo, ndi kwa alonda awiri a ku banki, ndi kwa ena amene iwo sakuwadziwa. Anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsogola. Mlomo wa Kandulo wafika kale m'nyumba zimene iye sanapondemo.

"Umboni uja munaunenera pamwamba pa sitolo, anthu akuomba m'manja. Mukaukonzere pomwepo."

"Mayi, adzati ndine wabodza."

"Ena adzatero." Anatenga siketi ina pa mulu. "Sunthani, mukunditchinga kuwala."

Lachitatu Kandulo anafika msanga. Masitepe okwerera m'chipinda chija ankanunkha utoto ndi parafini. Abusa anali pakati pa masitepe, akupuma, buku lawo m'khwapa. Anali munthu wabwino, wonenepa, amene anayendapo wapansi mtunda wautali kukaona bambo ake a Kandulo m'chipatala. Kandulo anawauza zonse pamenepo, mofulumira, maso ali pa nsapato.

Abusa anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali. Sanakalipe. Anati Mulungu amagwiritsa ntchito ngakhale zolakwa za ana ake, ndipo kupulumuka kuja kunali chisomo ndithu, palibe angatsutse. Anati umboni uja unadzutsa anthu ambiri ofooka. Pali mnyamata wina amene anasiya mowa sabata lomwelo. Kodi n'kofunika kugwetsa zonsezo? Akhoza kungoimirira n'kunena kuti salandira ndalama za anthu, basi. Zina zija zikhale pakati pa iye ndi Mulungu wake.

Mawuwo anamukomera Kandulo ngati madzi ozizira. Njira inali pomwepo, yosalala, yopanda bodza. Ngati ulendo woyamba uja. Koma Kandulo anafunsa Abusa kuti iye akakana ndalamazo, anthuwo adzapita nazo kuti. Msika uli pa foni ya aliyense. Adzatsegula okha, adzagula zambiri, sadzaika sitopu, adzapita kokameta. Ndi zimene anawaphunzitsa.

Abusa anavalanso magalasi. Anayang'ana m'mwamba mwa masitepe, kenako Kandulo. Anati nthawi ya maumboni ndi mphindi zisanu, asapitirire.

Anthu anabwera ambiri kuposa masiku onse. Ena anaima m'mbali mwa khoma, mabaji a kuntchito akulendewera m'khosi. Mayi wa Zozizira anakhala mzere wachiwiri, atavala duku latsopano, namwetulira Kandulo ngati wachibale wobwera kutali. Atelala anakhala kumbuyo, manja pa mawondo. Anaimba nyimbo ziwiri. Kandulo ankangoyendetsa milomo.

Ataimirira, ena anayamba kuomba m'manja asananene kanthu. Anakweza dzanja kuti asiye.

"Abale, tsiku lija ndinakuuzani kuti mtima wanga unali phee. Zinali zoona. Unali phee chifukwa sindinkadziwa kuti ndi ndalama zenizeni. Ndinkaganiza kuti ndi zoseweretsa. Ndinasokoneza maakaunti."

Wina kumbuyo anaseka, kenako anasandutsa kusekako chifuwa.

Anapitiriza. Mawu ankatuluka aafupi, ouma. Anati zinatsala pang'ono kuti ndalama za banja lake zithe zonse iye ali pampando wa ometa. Anati atazindikira anasanza. Anati zaka ziwiri akuchita malondawa sanapindule chogulira ngakhale tayala la njinga, ndipo Lolemba anayesanso, nataya. Anati Mulungu anamuchitira chifundo, ndipo chifundocho amachithokoza, koma iye anachitenga n'kuchivala ngati mendulo. Anapempha kuti aliyense amene akuganiza zogulitsa kanthu, kapena kutulutsa zimene anasunga, chifukwa cha mawu ake, asatero. Anafuna kuwonjezera vesi. Silinabwere. Anakhala pansi.

Palibe anaomba m'manja. Pansi, m'sitolo, makina osakaniza utoto ankagwedezeka, ndipo kunjenjemera kwake kunkamveka m'miyendo ya mipando. Aphunzitsi aja ankayang'ana zikhadabo zawo. Mmodzi wa alonda a ku banki ananong'oneza mnzake kuti chikomekome cha mkuyu, ndipo mnzakeyo anamugunda ndi chigongono asanamalize. Abusa anaimirira, natsokomola, nati tipemphere. Pempherolo linali lalifupi kuposa onse amene Kandulo anawamvapo kwa iwo.

Anthu anatuluka mofulumira, aliyense akuyang'ana wotchi. Ena anamugwira dzanja osamuyang'ana kumaso. Ena anazungulira mzere wina. Atelala anadutsa pafupi, akutsimphina, nangomuuza kuti kolala yake yapindika.

Mayi wa Zozizira sanatuluke. Anaima pawindo, atamufulatira, foni pakhutu. Duku lija anali atalivula, analikulunga m'dzanja.

Panatsala mipando. Masabata atatu onsewa palibe ankamulola kugwira mpando. Ankati munthu wa Mulungu asadzivute. Lero anamusiyira yonse, makumi anayi, ili mbwee m'chipinda monse. Anavula jekete. Anayamba kuisanja isanuisanu, kukhoma.

"Ayi, achimwene, musabwere ndi galimoto," anamva mayiyo akunena. Mawu ake anali otopa. "Sindikugulitsanso. Eya, ndikudziwa ndinalonjeza. Mundinene mmene mungandinenere."

Anamaliza kuyankhula, naika foni m'chikwama. Anatembenuka, namuyang'ana Kandulo kwa nthawi, osamwetulira, osakwiya. Kenako anakoka mpando umene unali pafupi naye, naukankha ndi phazi. Unatsetsereka pa simenti mpaka kukaima pa miyendo ya Kandulo. Iye anaunyamula, nauika pamwamba pa inzake.